Mzere Wapamwamba

Magalasi anali wouma mutu pa ntchito yake yokonza zithunzi pakompyuta. Chithunzi chikapendama pang'ono chabe, mtima wake sunkakhala m'malo. Anali ndi kachizolowezi kamene ankanyadira: podula chithunzi sankataya zam'mbali, ankangozibisa kuseri kwa felemu, poti kasitomala ndi munthu wosintha maganizo.

M'mawa umenewo mlongo wake anamutumizira sikirinishoti ya pafoni. Mlongoyo anali atathawa kwa mwamuna wake, wogulitsa nyama, diso limodzi litatsekeka ndi chibakera. Pachithunzipo panali mauthenga a mwamunayo, akuti akamupeza amusenda ngati mbuzi. Mlongoyo ankafuna kupita nacho kupolisi. Koma pamwamba penipeni panalowerera uthenga wa mayi amene anamubisa, dzina lili poyera: Anamwino.

"Achimwene, mudule pamwambapo," anatero mlongoyo pafoni. "Chikadutsa m'manja ambiri adziwa kumene ndili."

Magalasi anaika felemu, nayamba kukankhira chithunzicho m'mwamba ndi batani lamuvi, pang'onopang'ono, mpaka dzinalo linabisika osadula ngakhale chilembo chimodzi cha mawu oopsezawo. Inali ntchito yaukhondo, ndipo anadziyamikira yekha.

Chitseko cha shopu chinamenya khoma. Mlamu wake analowa atavala epuloni yamagazi, akununkha mafuta anyama.

"Alamu, mkazi wanga ali kuti?"

"Sindikudziwa."

Khofi loyamba linaulutsa magalasi ake. Lachiwiri linang'amba mlomo. Bamboyo anamugwira pakhosi n'kumumenyetsa pashelefu, mapepala ndi mabotolo a inki n'kumwazika pansi. Magalasi anali asanamenyepo munthu chibadwire, koma pakamwa anatseka kuti ndii.

"Ndinu osalankhula lero, eti? Pa ukwati paja munkalongolola bwanji!"

Anamupotoza mkono kumbuyo mpaka chala chinalira kuti thyo, kenako anamukanikiza nkhope pakiyibodi. Wogulitsa nyamayo anaona mawu ake omwe pasikirini, naseka.

"Ndiye mukundikonzera mlandu?"

Magalasi, ndi diso limodzi, anaona chinthu chimene chinamuziziritsa thupi lonse. Tsaya lake linali litapsinja batani lamuvi wotsika. Chithunzi chinali kutsetsereka pansi mkati mwa felemu, ndipo mzere wobisika uja unali kusuzumira ngati mwana wachidwi. Akanataya kachidutswako poyamba paja, bwenzi pakutuluka malo opanda kanthu. Koma ayi, iye ndi katswiri, sataya kanthu!

Anaponya mwendo, nakoka chingwe cha sikirini. Sikirini inagwa chafufumimba n'kusweka. Inali yokhayo imene anali nayo, koma sanaiyang'ane n'komwe.

Dzanja linamasuka pakhosi pake. Mlamuyo anapukuta zala paepuloni, modekha, ngati wamaliza kutumikira kasitomala. Anatola foni ya Magalasi patebulo n'kuiponda ndi chidendene.

"Zikomo, alamu," anatero ali pakhomo. "Anamwino aja ndimawagulitsa chiwindi."

Magalasi anakwawa pamagalasi osweka mpaka kukhomo la telala woyandikana naye, magazi akudontha pachibwano. Telala anamupatsa foni osafunsa kanthu. Magalasi anaigwira ndi dzanja labwinolo, chala chili m'mwamba.

Nambala ya mlongo wake sankaidziwa pamtima. Inali mufoni muja.