Kapayipi ka M'galimoto ya Mayi Elsie

Sulaimani anali makaniko ku St Mary's, m'tauni ya Chitungwiza ku Zimbabwe, ndipo ntchito yake ankaigwirira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. M'chaka cha 2008 zitsulo za galimoto zinasowa m'masitolo ngati mmene unasowera ufa. Wofuna kanati kapena kapayipi ankachita kukazula pa galimoto ina yakufa.

Nyumba yachitatu kuchokera kwa iye kunkakhala Mayi Elsie. Makolo a onse awiri anali a ku Malawi: a Sulaimani anachokera ku Mangochi, a mayiwo ku Dedza, ndiye ankaitanana kuti achimwene ndi achemwali ngakhale wina ankapemphera ku mzikiti wina ku tchalitchi. Amuna a mayiwo atamwalira anawasiyira kagalimoto kakale kabuluu ndi mwana mmodzi, Winnet, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Mu Okutobala mayiwo anabweretsa galimotoyo kuti aione mabuleki. Tsiku lomwelo kunabweranso Naison wa ku Unit D, dera lina la m'tauniyo, ndi pikapu yake ikudontha madzi. Sulaimani atatsegula boneti anaona kuti chang'ambika ndi kapayipi ka labala kotengera madzi otentha ku thirotolo, pakhosi pomwe mpweya umalowera mu injini. Timapayipi timeneti timakhala tiwiri, kolowetsa ndi kotulutsa, ndipo ntchito yake ndi kufunditsa pakhosipo kuti pasaundane kukazizira.

Naison anali ndi chidebe cha chimanga kumbuyo kwa pikapu.

"Mukandikonzera lero lomwe, chidebechi n'chanu," anatero.

Kwa Sulaimani anali atatha masiku atatu akudya masamba okhaokha. Anasuzumira mu injini ya galimoto ya Mayi Elsie, n'kuona kapayipi kofanana, kabwinobwino. Naison atapita kukasaka ndudu, anakachotsa n'kukaika pa pikapu. Kong'ambikako anakakulunga ndi mphira wa chubu, n'kukamanga ndi waya pa galimoto ya mayiwo. Mumtima anati, amangoyendera pafupi, kumsika ndi kutchalitchi; ndikapeza kena ndidzabwezera.

Kenako sanakapeze. Kunena zoona, sanakasakenso.

Mu Disembala kolera inafika m'misewu yawo. Mipopi inali itauma kwa miyezi, ndipo anthu ankatunga m'zitsime zokumba okha m'mbali mwa nyumba. Tsiku lina masana mkazi wa Sulaimani, Rahima, analowa pageti akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Bambo, Winnet wagwidwa. Amake anamunyamula pagalimoto kupita kumatenti a odwala kolera, koma akuti galimoto yawira panjira, utsi uli toloo. Mwanayo achita kumukankha pa wilibala."

"Yawira pati?"

"Kupitirira mashopu aja. Mtunda wotsala ndi wautali, bambo. Ndi dzuwa limeneli!"

Sulaimani anakhala pansi pa tayala.

M'mawa mwake anyamata anayi anaikankha galimotoyo mpaka pansi pa mango. Mayi Elsie ankabwera pambuyo, maso ali psuu, zovala zikununkha mankhwala a klorini.

"Achimwene, ndithandizeni. Anesi akuti tinafika naye mochedwa, madzi anali atamuthera m'thupi. Amuika diripi manja onse awiri. Ndikufuna galimotoyi iziyenda, ndizitha kumupititsira phala. Palibe wina ndingamukhulupirire koma inu."

"Ndiiona, achemwali," anayankha, maso ali pa boneti.

Sanachite kufufuza. Dzanja linapita lokha pamalopo. Waya uja anali atadya labala, mphira utasungunuka, ndipo pansi pa thirotolo panali zoyerayera zouma pomwe madzi ankadontha pang'onopang'ono kwa milungu yonseyi. Redieta inali gwaa, popanda ngakhale dontho.

Kapayipi katsopano kunalibe kokapeza. Koma ku Chitungwiza thirotolo siingaundane, ndiye madzi akhoza kuilambalala osavuta kanthu. Anazula timapayipi tonse tiwiri, n'kudula mbali yong'ambika ija mpaka pomwe labala inali yolimba. Tsopano pankafunika kachitsulo kabowo kolumikizira tiwirito. Anasanthula m'bokosi la zitsulo, osapeza. Ndiye anatenga sowo, napita pampopi wa panja pa nyumba yake, n'kudula kachidutswa ka payipi ya kopa kotalika ngati chala.

"Mukudula mpopi?" Rahima anafunsa ali pakhomo.

"Unatulutsa liti madzi?"

Anapala m'mphepete mwake ndi tupa kuti kasacheke labala, anakalowetsa mbali zonse ziwiri, n'kumanga ndi zomangira zenizeni zachitsulo zomwe ankasungira ntchito ina. Zonsezi sizinamutengere ngakhale theka la ola. Pomanga sikuluu yomaliza m'pamene anazindikira kuti akanatha kuchita zomwezi pa pikapu ya Naison tsiku lija, osakhudza n'komwe galimoto ya mayiwo. Anangofuna zachangu basi.

Madzi anatenga a mu ndowa ya Rahima, omwe mkaziyo anawaimira pamzere kuyambira mbandakucha. Sulaimani anathira pang'onopang'ono, akufinya payipi yaikulu kuti mpweya utuluke, kenako analiza injini. Anayang'anitsitsa pakamwa pa redieta kuopa kuti mwina gasiketi inapsa. Thovu silinabwere. Anasolola chitsulo choyezera oyilo. Oyilo anali wakuda bwinobwino, wosasakanikirana ndi madzi. Fani inazungulira, n'kusiya, n'kuzunguliranso. Polumikiza paja panali pouma.

Mayi Elsie anali atakhala pa benchi, akusinza. Atamva injini anadzambatuka.

"Mulungu akudalitseni, achimwene. Chinavuta n'chiyani?"

Akanangoti labala yakalamba, ndipo mayiwo akanakhulupirira. Sulaimani anatola chidutswa chong'ambika chija, waya akadali pomwepo, n'kuwapatsa m'manja.

"Aka si kanu, achemwali. Kanu kanali kabwino. Ndinakachotsa ine tsiku la mabuleki lija, ndinakaika pa galimoto ya munthu wina chifukwa cha chidebe cha chimanga. Aka ndinangomanga ndi waya. Ndinkadziwa kuti sikakhalitsa."

Mayiwo anakatembenuza kachidutswako kawiri, akuyang'ana wayayo. Rahima anagwira pakamwa. Chimanga chija anaphika ndi iye.

"Pa wilibala paja," Mayi Elsie anatero motsitsa mawu, "ankangolira ludzu m'Chishona kuti, 'Mhamha, ndine nyota.' Ine madzi omwe ndinamunyamulira ndinali nditathira mu injini, ndimayesa aiziziritsa."

Sulaimani anatseka boneti.

"Ndamva," anatero mayiwo. Anaika kachidutswako pa benchi, analowa m'galimoto, napita.

Masiku asanu otsatira Sulaimani ankaima pageti nthawi yomwe galimoto yabuluu inkadutsa, akumvetsera injini ndi kuyang'ana pansi pomwe yadutsa ngati pali madontho. Mayiwo sankatembenuka. Rahima ankaphika phala n'kukalisiya kwawo. Mbale inkabwerera yotsuka, popanda uthenga.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi galimoto inadutsa pang'onopang'ono, Winnet ali kumpando wakumbuyo, ataonda mpaka khosi kutalika. Atamuona Sulaimani, mwanayo anakweza dzanja pawindo, n'kumupatsa moni m'Chishona.

"Maswera sei, sekuru!"

Amake anali asanamuuze za kapayipi kaja. Sulaimani anakweza dzanja lake lodetsedwa ndi girisi, n'kulisiya m'mwamba mpaka galimoto italowa pageti pawo.

Mvula itatha, mabuleki a galimotoyo anayambanso kulira. Mayi Elsie anaipititsa kwa makaniko wina ku Unit G. Podutsa pa nyumba ya Sulaimani anapereka moni kwa Rahima, monga mwa masiku onse.