Tinakweza Manja Kufakitale ya Thonje

Fumbi linachuluka mufakitale ya thonje kumene ndimagwira, kunja kwa Chipata. Makina okoka fumbi anali atawonongeka, ndipo masiki otchinga kumphuno sanabwere miyezi itatu. Lachisanu pa nthawi yopuma tonse tinakweza manja: Lolemba palibe woyatsa makina.

Woyamba kukweza ndinali ine. Mkazi wanga Monika anasankha thonje m'fumbi lomwelo zaka khumi. Anamwalira akutsokomola. Mpaka lero mayi akatsokomola kuseri kwa mabelo, ndimacheuka.

Mwana wanga Tamanda atamva, sanakangane nane. Anangokaitana Amayi Edita, oyandikana nafe, amene amagwira ku ofesi ya zantchito.

"A Matiyasi, ndamva mwavota," anatero Amayi Edita.

"Tavota."

"Anawerenga manja ndani?"

"Boaz."

"Boaz wa pageti uja? Ndiye wakhala woyendetsa chisankho?" Anaseka, kenako anakhala pampando. "Dandaulo lanu n'loona. Koma lamulo lili ndi njira yake. Yuniyoni yanu, bungwe la ogwira ntchito, ilembe kalata ya mkanganowo. Pabwere mkhalapakati. Zikakanika, muvote mwa dongosolo, mudziwitse abwana nthawi isanakwane. Apo sitiraka ndi yololedwa. Achipatala, amadzi ndi amagetsi saloledwa n'komwe. Inu mwayi muli nawo, musautaye."

"Tikangosiya Lolemba?"

"Angathe kukuchotsani ntchito."

"Atate, nyumba ino ndi ya kampani," anatero Tamanda motsitsa mawu.

Ndinayang'ana makatani amene Monika anasoka. Ndinalakalaka akanakhala pomwepo. Iye yekha ndiye ankatha kundibweza ndikaumirira.

Lamulungu titatuluka ku Misa ndinayenda khomo ndi khomo kwa anzanga, kuwauza kuti tisasiye ntchito Lolemba.

"Akugulani, amdala?" anafunsa Yohane, woyendetsa makina.

"Ayi. Tilembe kalata."

"Pepala limaletsa chifuwa?"

"Wochotsedwa ntchito salandira masiki," ndinayankha.

Lolemba tinayatsa makina, titamanga nsalu kumphuno. Ayuniyoni anapereka kalata. Mkhalapakati atabwera, anandifunsa zimene ndikudziwa. Ndinanena za Monika, mawu ochepa. Abwana sanandiyang'ane m'maso.

Sabata lachitatu masiki anafika, ndipo makina okoka fumbi anakonzedwa. Palibe amene anachotsedwa. Tamanda ndi ine tikadali m'nyumba yathu.

Anzanga ogwira ntchito, ufulu wonyanyala ntchito ulipo, koma uli ndi malire. Musanasiye ntchito, funsani ayuniyoni kapena a ku ofesi ya zantchito. Dandaulo likhale loona chotani, mukadumpha njira, lamulo silikutetezani.