Handibuleki Imene Bambo Ankati Amanga Mawa

Galimoto ya bambo ndi yakale kuposa ine, ndipo ine si mwana. Ndi yobiriwira, ya mabampala onyezimira, mipando yake ndi yachikopa chimene bambo ankachipaka mafuta ngati khanda. Amayi ankaitcha mkazi mnzawo. Bambo akayamba kusuzumira ku galaja chakudya chili patebulo, amayi ankangoti, "Pitani kwa mkazi mnzanga. Ine ndiye ndinakalamba, iye sakalamba."

Chaka chatha bambo anachotsa mabuleki akumbuyo, aja a madiramu, n'kuikapo a madisiki. Galimoto inayamba kuima bwino, zimenezo sinditsutsa. Koma handibuleki inkagwirira m'kati mwa madiramu omwewo, ndiye atachoka, chogwirira chake chinangotsala pakati pa mipando chili wedewede, chosagwira kanthu. Ndinawauza pafoni kuti amange ina. Ine ndine makaniko, ndimakonza mabasi mumzinda wina wakutali, ndipo ntchitoyi anandiphunzitsa ndi iwo omwe.

"Ndimanga mawa," anatero bambo. "Komanso dalaivala weniweni amaimika galimoto m'giya. Pamtunda amaigwira ndi mapazi. Handibuleki ndi ya ophunzira."

Mawa lakelo silinafike. Chimene chinafika ndi sitiroko. Inawatengera dzanja lamanzere ndi mwendo wamanzere, ndipo mawu awo anayamba kutuluka mochedwa, limodzilimodzi. Ndinatenga tchuthi n'kubwera kwathu.

Dokotala sanabise mawu. Anati miyezi yoyambirirayi bambo asamadumphe mafizo, masewera olimbitsa thupi a kuchipatala, chifukwa akadumpha mwendo uuma ndipo sadzayendanso. Ine ndisanafike anapitako kamodzi pa takisi. Dalaivala wake pamodzi ndi munthu wina wodutsa anawanyamula ngati thumba la simenti, uku akukambirana za mpira pamwamba pa mutu wawo. Atabwerako bambo analumbira kuti akwera yawo yokha, apo ayi sapita. Anthu amati ine ndine wouma mutu, koma sanawaone kumene ndinatengera.

Masiku onse a tchuthi ndinkawayendetsa ndine, iwo ali kumbuyo ndi amayi owachirikiza. Koma tchuthi chinali kutha, ndipo woyendetsa wina pakhomopo kunalibe kupatula amayi. Laisensi anali nayo kuyambira kale ine ndili wamng'ono. Anayendetsapo kamodzi bambo ali pambali pawo, ndipo bambo anawadzudzula kuyambira pageti mpaka pamphambano. Amayi anaimika galimoto, n'kutuluka, n'kuwapatsa makiyi. Sanagwirenso chiwongolero.

"Ndiyendetsa," anatero amayi nditawafunsa. "Nanga ndiwasiye aume ndikuona?"

Ndinayamba kuwakumbutsa m'misewu ya kwathu, ndipo manja awo anali asanaiwale. Vuto linali limodzi. Msewu wa kuchipatala uli ndi chitunda, ndipo pamwamba pake penipeni pali maloboti. Tsiku limene tinakayesa awirife, maloboti anafiira tili pakati pa chitundacho. Atabiriwira, amayi anachotsa phazi pa buleki, galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Lole imene inali kumbuyo kwathu inaliza hutala mpaka makutu anga anachita gonthi. Tinapulumuka n'kubwerera kunyumba.

"Popanda handibuleki, chitunda chija sindikwera ndi bambo ako," anatero amayi. Sindinawatsutse.

Zipangizo zinafika kutatsala pang'ono kuti ndibwerere kuntchito. Zinali tizitsulo tiwiri topana disiki, kena kumanja kena kumanzere, ndi zomangira zake, ndi zingwe zachitsulo zochokera ku matayala kukafika ku chogwirira chija. Ndinakweza galimoto pa jeke, n'kuikhazika pa zochirikizira, n'kuyala katoni pansi. Ndisanalowe n'komwe kunsi, ndinamva ndodo ikugogoda pakhonde. Anali bambo, amayi akuwakokera mpando wa pulasitiki mpaka pakhomo la galaja.

Chidwalireni, bambo anali asanalowemo m'galajamo. Anakhala pampandopo, bulangete pamaondo, maso akuyendayenda pakhoma pamene masipanala awo anapachikidwa mwa msinkhu, wamng'ono mpaka wamkulu. Dzanja lawo lamanja linanyamuka ngati lifuna kutengapo, n'kubwerera pa bulangete. Ndinalowa kunsi kwa galimoto msanga kuti asadziwe kuti ndawaona.

Sipanapite nthawi ndodo ija inagogoda pa nsapato yanga.

"Chingwe... chayandikira ekizozi. Chipsa."

"Ndaona, bambo. Sindinachimange."

"Chidutsitse... pamwamba."

"Bambo, ine ndimakonza mabasi."

"Basi... ilibe mwini."

Ndinaseka mpaka dzimbiri linandigwera m'kamwa. Mtima unkandipsa ndithu, chifukwa palibe nati imene ndinamanga popanda ndemanga, koma ndinali ndisanawamve akulankhula chonchi kuyambira tsiku limene ndinafika. Anandiuza kuti ndiwapatse chingwe chinacho. Anachipana pakati pa maondo, n'kumachipaka gilizi ndi dzanja lawo lamanja, pang'onopang'ono, mpaka bulangete la amayi linada. Amayi atabweretsa tiyi analiyang'ana bulangetelo, n'kuyang'ana bambo.

"Ndiyeseko kukoka?" anafunsa amayi.

"Dikirani kaye, amayi, sitinamalize."

Madzulo ake anafunsanso. Tinawayankha chimodzimodzi, awiri tonse nthawi imodzi.

Tsiku lachiwiri tinafika pokunga. Zingwe ziwiri zija zimakumana pa kachitsulo kopingasa kamene kamachititsa kuti matayala onse agwire mofanana, ndipo pakati pake pali nati yokungira. Bambo ali ndi lamulo lawo limene anandiphunzitsa ndili mtsikana: handibuleki igwire msanga, ndipo ikagwira tayala lisasunthe ngakhale ulikankhe ndi phewa. Ndiye ine ndinkalowa m'galimoto n'kukoka, iwo n'kusendera ndi mpando wawo, n'kugwira tayala ndi dzanja labwinolo kuyesa kulizungulitsa.

"Likusuntha. Kunga."

Ndinkalowa kunsi, n'kukunga, n'kutuluka, n'kukokanso. Tinachita zimenezi mpaka matayala onse awiri anangoti nji. Bambo anamenya tayala ndi chikhatho ngati akusisita mwana wakhoza mayeso. Ine ndinapukuta manja ndili ndi matama, n'kuitana amayi.

Tinaitulutsa galimoto kukaiyesa pa kamtunda ka kutsogolo kwa geti. Amayi anakhala pa chiwongolero, anaponda buleki, n'kugwira chogwirira chija. Ndi dzanja limodzi chinakana. Anachigwira ndi manja awiri, chinalira, galimoto n'kuima osagwedera.

"Mwaona?" ndinatero. "Tsopano itsitseni."

Kuti handibuleki itsike, umayenera kuikwezanso pang'ono uku chala chachikulu chikudina kabatani ka kumapeto kwake. Zala za amayi zili ndi nyamakazi, botolo la mafuta ophikira amachita kupempha wina awatsegulire. Anayesa ndi dzanja limodzi, anayesa ndi awiri, anadzuka pang'ono pampando kuti akoke ndi thupi lonse. Kabatani sikanalowe. Atasiya, chala chawo chinali chitafiira ndipo ankapuma mwabefu.

"Kodi handibuleki imeneyi mwamangira ndani?" anafunsa amayi, osakweza mawu.

Masiku awiri ine ndi bambo tinayesa tayala, tinayesa chingwe, tinayesa ndi dzanja langa limene limamanga manati a basi. Mwini wake wodzaikoka tinamuuza kuti adikire. Manyazi amene ndinachita sindingawafotokoze.

Ndinalowanso kunsi n'kumasula nati ija. Amayi anatha kuitsitsa, koma galimoto inayamba kutsetsereka. Ndinakunga pang'ono, kabatani kanakananso. Chogwiriracho anachipangira madiramu, n'chachifupi, ndipo tizitsulo tatsopanoti timafuna mphamvu zambiri. Mankhwala ake anali kupeza chogwirira chachitali, koma chimenecho si chinthu chogula pagolosale. Mafizo anali m'mawa mwake, ndipo ine ndinali kunyamuka masana ake.

"Ndikanamanga... kale," anatero bambo. Anapempha kuti tiwalowetse m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye. Ine ndinaikunganso monga inalili, chifukwa handibuleki yosagwira sindingaisiye m'galimoto ya munthu, kenako ndinakhala pa jeke n'kulira pang'ono.

M'mawa ndinadzuka ndikuganiza zoimbira foni kuntchito kuti andiwonjezere masiku, ngakhale ndinkadziwa yankho lake. Ndinapeza amayi atawameta kale ndevu bambo, atawaveka malaya awo oyera. Titawafikitsa pa galimoto ndinatsegula chitseko cha kumbuyo monga mwa masiku onse. Amayi anachitseka n'kutsegula cha kutsogolo.

"Khalani apa, bambo ake."

Bambo anauyang'ana mpandowo. Chigulireni galimoto imeneyi anaukhalapo kamodzi kokha, tsiku lija amayi anawabwezera makiyi.

"Umenewu... ndi wanu."

"Lero ndi wanu. Dzanja lanu lamanjali likungodya osagwira ntchito. Iwe, akhazike."

Nditawakhazika ndi pamene ndinaona chimene amayi anaona. Chiwongolero cha galimotoyi chili kumanja, ndiye munthu akakhala pambali pa dalaivala, dzanja lake lamanja limagwera pa handibuleki penipeni. Bambo anachigwira chogwiriracho, anakweza, anadina, chinatsika ngati chidole.

"Tamverani," anatero amayi akumanga lamba. "Ndikati kokani, mukoke. Ndikati siyani, musiye. Zina zonse pakamwa potseka. Ndi iwenso kumbuyoko."

Tinayenda bwino. Amayi analowetsa giya ina mochedwa ndipo ndinaona khosi la bambo likukungika, koma anapirira. Titafika pachitunda chija, maloboti anafiira ngati amatidikirira.

"Kokani."

Bambo anakoka. Amayi anachotsa phazi pa buleki, galimoto inaima nji. Kumbuyo kwathu kunaima minibasi, pafupi kwambiri moti ndinkaona dalaivala wake akutafuna chingamu. Maloboti anabiriwira. Amayi anaponda mafuta, anayamba kukweza kilatchi, kutsogolo kwa galimoto kunanyamuka pang'ono.

"Siyani."

Bambo sanasiye. Mutu anali ataupendeketsa, akumvetsera injini.

"Siyani, bambo ake!"

Injini inabuula n'kuzima. Minibasi inaliza hutala, a kumbuyo kwake nawonso anayamba. Wina anatulutsa mutu pawindo n'kufunsa ngati tamanga nyumba pamenepo. Mawu anandifika pakamwa, ndinachita kuluma mlomo. Amayi sanathamange. Anabweza giya, analiza injini, maloboti n'kufiiranso.

"Zaka zonsezi ndakhala pampando umenewo," anatero amayi, maso ali kutsogolo. "Usana, mvula, inu mutatopa, inu mutakwiya. Ndinagwirapo dzanja lanu?"

Zala za bambo zinali zitaumirira pa chogwirira.

"Ndikuopa," anatero. "Ikabwerera... ine sindingachite kanthu. Ndilibe mwendo. Muvulala... ine ndikuonerera."

Chibadwireni ndinali ndisanamvepo bambo akunena kuti akuopa. Misozi inalengeza m'maso mwanga.

"Inenso ndikuopa," anatero amayi. "Kuyambira tsiku lija munagwa m'bafa ndikungoopa. Koma kuchipatalako tikafika. Musamvere injini, mverani ine."

Maloboti anabiriwira. Amayi anaponda mafuta kuposa mmene bambo akanafunira, injini inalira ngati ikudandaula.

"Siyani."

Ndinamva kabatani kakulowa. Galimoto inabwerera m'mbuyo pang'ono chabe, mtima wanga n'kubwerera nayo, kenako inagwira n'kuyamba kukwera. Tinadutsa maloboti, tinatsikira mbali inayo. Titafika pageti la chipatala amayi anati, "Kokani," ndipo bambo anakoka asanamalize n'komwe kunena.

Mayi wa mafizo anabwera ndi njinga ya odwala. Anafunsa bambo kuti ayenda bwanji.

"Tayendetsa... bwino," anayankha bambo.

Atawalowetsa, ine ndi amayi tinatsala titatsamira galimoto. Ndinagwira manja a amayi.

"Pepani, amayi," ndinatero. "Ndikangofika kuntchito ndikafunafuna chogwirira chachitali. Ndikapanda kuchipeza ndikawotcherera ndekha. Ndidzabwera kudzachimanga, muzidzatha kutsitsa ndi chala chimodzi."

Amayi anayang'ana khomo limene bambo analowera.

"Usavutike, mwanawe. Isiye mmene ililimu," anatero. "Ukaifewetsa, bambo akowa azigwira chiyani?"