Makapisozi a Mawondo a Mayi Telala

Mawondo a mayi telala anayamba kuvuta chaka chimene banja lawo linasamukira m'chipinda chapamwamba pa shopu yawo. M'mawa ankadzuka mawondo atauma gwa, ndipo akaponda makina osokera nthawi yaitali, bondo lakumanja linkatupa. Kuchipatala anawauza kuti ndi nyamakazi ya m'mfundo, ija imabwera mafupa akayamba kukhulana. Mwana wawo wamkazi atamva, anawabweretsera botolo la makapisozi a mafuta a nsomba, achikasu, owala ngati mikanda.

"Si mankhwala ochiza ayi, amayi," anatero mwanayo. "N'zongowonjezera pa zakudya. Ena amati zimawathandiza, ena ayi. Yesani tione."

Amuna awo, omwe anapuma pantchito yoyendetsa basi koma msewu wonse unkawatchabe Adalaivala, anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, bondo si injini yoti muthiremo oyilo. Ine angawa aponda kilatchi moyo wonse, sanapemphepo nsomba."

Mayi telala ankangomeza kapisozi wawo m'mawa uliwonse n'kutsikira kumakina. Masiku ena bondo linkapepuka, masiku ena ayi, moti sankadziwa ngati athokoze botolo kapena nyengo yofunda. Chimene chinkawadabwitsa n'chakuti botololo linkatha msanga kwambiri.

Nthawi yomweyo mphaka wa osoka nsapato oyandikana nawo, yemwe kale ankathawa akangomva mawu a Adalaivala, anayamba kuwalondola paliponse. Tsiku lina masana bambowo anawodzera pampando mushopu, mayi telala akuyeza diresi la kasitomala. Mphaka uja anakwera pachifuwa pawo n'kuyamba kuwanyambita ndevu mwakhama.

Adalaivala anadzidzimuka. "Choka apa, iwe!"

Mayi telala anachotsa mapini kukamwa, anayandikira, n'kununkhiza.

"Bambo, ndevu zanuzi zikununkha nsomba bwanji?"

"Ndi sopo watsopano uja."

"Sopo uti? Sopo ndimagula ndine."

Kasitomala uja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Adalaivala anayang'ana kudenga, anayang'ana mphaka, kenako anaulula. Mawondo awo nawonso ankawawa. Kuima kuja ankaima pakati pa masitepe ngati akuwerenga uthenga pafoni, kunali kupumitsa miyendo. Ndiye ankatapako makapisozi, koma poti kumeza mapilisi akuluakulu kunkawakanika chiyambire ubwana, ankawatafuna.

"Mumatafuna? Mafuta a nsomba?"

"Ndimatsinzina, n'kuluma kamodzi."

Mayi telala anaseka mpaka kukhala pansi pamulu wa nsalu. Koma atapukuta misozi anakumbukira kuti amuna awo amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo kuseka kunatha. Anamaliza kuyeza diresi, anatseka shopu, n'kuwakokera kusitolo ya mankhwala pakona.

Wogulitsa mankhwala anamvetsera nkhani yonse akudziluma mlomo kuti asaseke. Kenako anati, "Mwachita bwino kubwera. Zinthu izi, ngakhale si mankhwala enieni, zina sizigwirizana ndi amene bambo amamwawo. Magazi akhoza kumachedwa kusiya kutuluka akadzicheka. Makapisoziwo asiye kaye, akaonane ndi adokotala."

Adokotala anapinda mawondo a Adalaivala uku ndi uku, n'kupeza nyamakazi yomweyo. Makapisozi anawaletsa bambowo, koma mayi telala anawalola kupitiriza ngati akuona kuti akuwathandiza. Onse awiri anawaphunzitsa masewera olimbitsa ntchafu, ndipo anaonjeza, akuyang'ana mimba ya Adalaivala, kuti bondo limasangalala katundu akachepa.

Kuyambira pamenepo, m'mawa asanatsegule makina, awiriwa ankakhala pamipando mushopu n'kumatukula miyendo, wina uku wina uku, akutsutsana kuti wabera ndani. Bambo ometa tsitsi a kutsidya kwa msewu anasuzumira tsiku lina, mawa lake anabwera ndi mpando wawo. Kenako anabwera mayi ogulitsa maluwa, omwe mawondo awo analibe vuto koma sankafuna kuphonya nkhani.

M'mawa wina munthu wachilendo analowa atanyamula thalauza long'ambika, n'kupeza akuluakulu anayi miyendo ili m'mwamba. Anabwerera chambuyo kukawerenganso chikwangwani cha pakhomo.

"Pepani, paja pano m'pa telala?"

"M'pomwepano, achimwene," anatero Adalaivala akupuma wefuwefu. "Thalauzalo ikani patebulo. Kokani mpando, tangotsala ndi mwendo wakumanzere."