Mandimu a M'jekete

Mtengo wa mandimu umene uli kuseri kwa nyumba yanga anaubzala ndi mkazi wanga. Chimwalirireni iye, sindinalolepo munthu kuthyolamo. Mandimu amapsa, amagwa, amawolera pansi, ine n'kusesa. Anthu amati ndine wouma mutu. Sindikana.

Mwana wanga wamkazi amaphika ku loji ya kuseri kwa phiri, kumene msewu wafumbi umathera. Timamutcha Kasupuni, chifukwa ali wamng'ono ankangokhalira kutsatira amayi ake m'khitchini kudikira kunyambita supuni. Lojiyo ili ndi lamulo lake: chilichonse cholowa m'mbale chizichokera m'minda yapafupi, yoti munthu n'kufikako wapansi. Alendo amachokera kutali kudzadya zinthu zimene ife timazilumpha popita kumunda.

Mkulu wa ophika atasiya ntchito, mayi amene ndi mwini loji anauza Kasupuni kuti akonze yekha chakudya chamasana cha Loweruka, kuyambira mbale yoyamba mpaka yomaliza. Zikayenda bwino, khitchini ikhala yake. Anabwera kunyumba kudzandiuza.

"Ababa, mbale yomaliza ikufuna mandimu. Mitengo ya anthu ena sinabereke chaka chino. Wabereka ndi wanu wokha."

"Iyayi."

"Ndi keke ija ankaphika amayi."

"Ndamva."

"Ndiye?"

"Iyayi."

Anaika kapu yake patebulo mwaulemu kwambiri, ulemu umene amayi ake ankakhala nawo akapsa mtima. "Chabwino, ndiikamo uchi wokha. Mubwere ndithu, mpando wanu ulipo." Anapita, ndipo sanaimbenso foni.

Loweruka m'mawa ndinali kusesa pansi pa mtengo. Ndinaima n'kuyang'ana mulu wa mandimu owola. Mkazi wanga sankataya ngakhale khoko la buledi. Akanandipeza pamenepo akanandilanda tsache n'kundikwapula nalo. Ndinathyola akupsa bwino n'kudzaza matumba onse a jekete yanga ya ukwati. Ndinali nditakonza kale zochita: kukalowera khomo la kuseri, kuwasiya patebulo la m'khitchini, n'kutuluka. Popanda kulankhula.

Galimoto ya ku loji inabwera itatenga kale mlamu wanga, mng'ono wa malemu, amene pakamwa pake sipapuma. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Alamu, anthu amanenepa mimba. Inu mwanenepa m'mbali mokha?"

"Ndi jekete."

"Jeketeyo ndimaidziwa. Pa ukwati munkasambiramo."

Dalaivala sanatisiye kuseri. Anatitsitsa pakhomo lakumaso, pamene panaima weta, bambo wa imvi wovala malaya oyera ndi katayi kopingasa pakhosi. Anatilonjera mowerama. Kenako anazungulira kumbuyo kwanga, ndipo ndisanapeze mawu, jekete inali itachoka kale m'mapewa mwanga. Manja ake anali ozolowera.

"Tikusungireni, akuluakulu. Ha, nsalu zakale zinali zolemera. Za masiku ano n'zongopepera." Anaipachika m'kachipinda n'kutseka.

"Khitchini ili kuti?" ndinafunsa.

"Alendo salowako, bwana. Makamaka lero."

Anatikhazika pafupi ndi zenera loyang'ana kumunda wa ndiwo. Patebulo panali nsalu yoyera, matambula owala, ndi mafoloko ondandalikidwa ngati ana asukulu pamzere. Mwini loji anakhala tebulo loyandikana nalo, magalasi ali pamphuno, akuyang'ana nkhope za alendo kuposa mbale yake.

Mbale yoyamba inali yaikulu ngati beseni. Pakati pake panali kachidutswa ka dzungu lowotcha, nthanga zitatu ndi katsamba.

"Achimwene," mlamu anaitana weta, "mbaleyi mwaiwala kutsuka, kapena chakudyacho ndi chimenechi?"

"Ndi chimenechi, mayi. Zina zili m'njira." Anaima mowongoka, manja kumbuyo. Kumeneko mbale iliyonse imatchulidwa kumene yachokera. "Dzungu la amayi a kumunsi kwa mlatho. Batala wa ng'ombe za abusa opuma."

"Dzungu la amayi aja? Dzulo ndinawaona akupatsa nkhumba."

Anadya, n'kukhala chete. Sindinamuonepo ali chete masana. Ndinadyanso. Linali dzungu ndithu, koma ngati kuti m'moyo wanga wonse ndinkadya losapsa.

Panabwera bowa m'kamsuzi. Panabwera nsomba ya m'dziwe la kuseri kwa loji, khungu lake lokhukhuta. Zonse zinali zabwino, koma ine maso anali pa kachipinda kaja. Mbale iliyonse yochotsedwa inkatifikitsa pafupi ndi keke. Ndinakweza dzanja. Weta anandithirira madzi. Ndinakwezanso. Anabweretsa buledi. Atabweretsa bakha wa mu uchi, ndinaona kuti dzanja lokha silithandiza.

"Jekete yanga."

"Mwazizidwa, bwana? Titseke zenera."

"Iyayi. Jekete."

"Koma chakudya sichinathe. Kwatsala chotsekemera."

"Ndikudziwa. Jekete."

Nkhope yake inagwa. Sindinkadziwa kuti pa lojipo jekete imabwezedwa pokhapokha mlendo akamapita, ndiponso kuti mlendo akanyamuka chakudya chisanathe, wophika ayenera kuuzidwa. Weta sanapite kukachipinda. Analowa kukhitchini.

Kasupuni anatuluka atavala epuloni, ufa uli pachipumi. Alendo anasiya kutafuna. Mwini loji anavula magalasi. Mlendo woyamba kuthawa chakudya cha mwana wanga anali bambo ake omubereka.

Anagwada pambali pa mpando wanga n'kulankhula motsitsa. "Ababa, chalakwika n'chiyani? Mchere?"

"Iyayi."

"Bakha sanapse?"

"Wapsa."

"Nanga mukupita kuti? Mandimu munandikaniza, sindinakukakamizeni. Lero lokha simungakhale mpaka kumapeto?"

"Sindikupita."

"Ndiye jekete ndi yachiyani?"

"Alamu, lankhulani," anatero mlamu. "Mawu mukuwasungira ndani? Sakuikani nawo m'bokosi."

Ndinatsegula pakamwa. Zonena zinalipo, koma zinali zambiri, ndipo anthu onse ankandiyang'ana. Pamenepo weta anafika ndi jekete. Anaikutumula kamodzi monga amachitira, kuti andiveke bwino.

Mandimu anakhuthuka. Anagubuduzika pasimenti ponse, ena pansi pa matebulo, ena kulowera kukhomo. Limodzi linakaima pa nsapato ya mwini loji. Bambo wina wonenepa anayamba kuseka, kenako chipinda chonse. Alendo ovala bwino anagwada n'kumatola, akupatsirana.

"Ndimati nsalu," anatero weta, akuyang'ana jekete yopepukayo.

Kasupuni anatola limodzi, analikanda ndi chikhadabo n'kulinunkhiza.

"A mumtengo wa amayi?"

"Eya."

"Mwachedwa, ababa. Keke ili kale mu uvuni."

"Ndikudziwa."

Anandiyang'ana ndi diso lija la amayi ake. Kenako anatambasula epuloni kuti alendo aponyemo mandimu. "Sinatuluke. Madzi ake ndiwiritsa ndi uchi, ndithira pamwamba ikadali yotentha." Anathamangira kukhitchini.

Tinadikira nthawi yaitali kuposa pa mbale zina, koma palibe anadandaula. Fungo linafika keke isanafike. Ndinayang'ana pazenera. Mlamu anatulutsa kansalu n'kumina mokweza, n'kunena kuti ndi tsabola wa mu bakha.

Keke inabwera kachidutswa kakang'ono, konyezimira, timakoko ta ndimu tili pamwamba. Weta anaima mowongoka, manja kumbuyo.

"Mazira a nkhuku za pano. Uchi wa m'ming'oma ya kuphiri. Mandimu..." Anandiyang'ana. "Mandimu a m'jekete ya akuluakulu awa."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinadya.

"Ikufanana ndi ya achemwali?" mlamu anafunsa.

"Iyayi."

"Alamu, musayambenso."

"Ya achemwali anu inkapserera pansi."

Mlamu anaseka mpaka anatsamwa, weta n'kumuthirira madzi.

Alendo atayamba kumwa tiyi, mwini loji anaitana Kasupuni. Sananene zambiri. Anamuuza kuti Lolemba abwere ndi maganizo a zakudya za mwezi wamawa, ndiponso kuti kekeyo isachoke pa mndandanda. Kenako anatembenukira kwa ine, ndimu lija lili m'manja.

"Bambo, mtengowo uli ndi ena?"

"Ulipo."

"Mungamatipatseko?"

Kasupuni sanandiyang'ane. Ankapukuta manja ouma kale pa epuloni.

"Azidzathyola yekha," ndinatero.

Potuluka, weta anandiveka jekete n'kusisita matumba onse awiri. "Ndikungoonetsetsa, bwana. Mwina mwatsala mazira."

Lamulungu masana Kasupuni anabwera ndi dengu. Anakwera makwerero atavala nsapato za kutchalitchi, akundilamula ngati ali kukhitchini kwake.

"Gwirani bwino, ababa. Akugwedezeka."

"Ndagwira."

"Awa a kunsonga ndi okoma kwambiri. Munkawasiyira mbalame?"

Ndinangogwira makwerero.