Ntchafu ya Nkhuku ku Balaka

Chaka cha njala ija, Sitima anachoka kwa Kawinga kukaona Jimu, mnzake wakalekale yemwe anasamukira ku Balaka. Jimu anamutengera ku resitilanti, namuitanitsira mpunga wa nkhuku ndi mowa wozizira.

Sitima anadya mtima uli pa ana ake, amene anawasiya akuwiritsa mango osakhwima. Monga amachitira mlendo waulemu kumudzi, anasiya ntchafu yathunthu m'mbale n'kusamba m'manja. Kwawo zotsala za mlendo zimapita kwa ana a pakhomopo.

Woperekera zakudya ananyamula mbale ija. Sitima anamulondola ndi maso mpaka kukhomo la kuseri, komwe anakhuthulira zonse galu wonenepa.

"Mwakhuta eti, achimwene?" anafunsa Jimu akuvungula m'mano.

"Ndakhuta," anayankha Sitima, maso akadali pa galuyo.