Zala za Telala

Mayi a mapasa ankanyadira kabuku ka shuga ngati satifiketi. M'mawa uliwonse amuna awo, adalaivala, ankatenga kamakina koyezera shuga m'magazi n'kupita nako kuseri, kuchipinda kumene mng'ono wawo telala ankasokera. Ati kumeneko n'kowala bwino. Pobwera ankaonetsa nambala: lero 6, mawa 5.8, mkuja 6.1. Mayiwo ankalemba, n'kumauza aliyense pampopi kuti mapiritsi akugwira ntchito. Mpakatu anasiya nawo shuga mu tiyi, chikhalirecho iwo sadwala!

Chinkawasowetsa mtendere n'chilonda cha paphazi pa bambowo. Miyezi iwiri osapola.

Kuchipatala adokotala anatenga magazi apamkono, aja osonyeza mmene shuga wayendera miyezi itatu. Anayang'ana zotsatira, anayang'ana kabuku, n'kuvula magalasi.

"Mayi, manambala a m'kabukumu ndi a munthu wosadwala shuga, pomwe magaziwa akuonetsa shuga wokwera kwambiri. Bambo, mapiritsi mukumwa?"

"Amandipotokola m'mimba," anatero adalaivala, maso pansi.

"Osanena bwanji? Tikanasintha kamwedwe. Phazili mutha kulitaya."

Atafika kunyumba, mayi a mapasa analunjika kuseri. Telala anali pamakina, zala ziwiri zili ndi pulasitala. Zala zomwezotu mayiwo ankazimvera chisoni, kumati ndi singano.

"Alamu, tandionetsani dzanja."

"Aaa alamu, ntchito yathuyi mukuidziwa..."

"Singano yake yobaya m'mawa mokhamokha, achimwene anu akalowa?"

Telala anasiya kupalasa. "Anati sabata imodzi yokha, kuti musamadandaule."

Mapiritsi anapezeka m'chitini cha mabatani, mulu wonse.

"Ndiye ine ndimalemba magazi anu? Kuombera m'manja magazi anu, mwini wake akuwola phazi? Mumandiseka ndikatuluka, eti?"

Adalaivala anangoima pakhomo, kukanda m'mutu.

Mayiwo anawakhazika amuna awowo pampando, anagwira chala n'kubaya okha. Kamakina kanati 19.4. Anathothola masamba onse akale a m'kabuku kaja n'kuwaponya pamakina osokera.

"Tengani alamu, ndi anu awa. Thanzi muli nalo."

Anabweretsa chakudya, madzi ndi piritsi limodzi, n'kuima pomwepo mpaka bambowo atameza.

"Yasamulani."

"Mayi a mapasa, ndine mwana ine?"

"Lilime m'mwamba."

Adalaivala anakweza lilime. Mayiwo anasuzumira bwinobwino, kenako analemba 19.4 patsamba latsopano, n'kuika kamakina m'chikwama chawo.